Diclofenac wopaka pa bondo la nyamakazi: amathandizadi, koma chubu chimatha msanga

Mwa mankhwala onse a kuphwanya kwa mafupa amene adzaza mashelufu a m'mafamase, diclofenac wopaka ndi amene ndingauze munthu wa nyamakazi ya m'mawondo kuti ayambe kuyesa. Amabwera m'chubu. Wina ndi wa dzina lodziwika la Voltaren Emulgel, ena ambiri ndi ochokera ku India, olembedwa Diclofenac Gel basi. Ndimamuyamikira ndithu, koma pali zinthu ziwiri zimene wogula samva kawirikawiri pa kauntala: mlingo wogwiradi ntchito ndi waukulu kuposa umene anthu amapaka, ndipo mukatsatira mlingo umenewo, chubu chaching'ono chimatha sabata isanakwane.

Nyamakazi imene ikukambidwa pano ndi ija madokotala amati osteoarthritis. Kumapeto kwa mafupa amene amakumana m'bondo kuli chicherewecherewe chosalala, chokhuthala mamilimita ochepa chabe. Chikayamba kuperepeseka, fupa la pansi pake limalimba, m'mbali mwake mumamera timafupa tosongoka, ndipo kachikopa kokuta mfundo yonseyo kamatupa nthawi ndi nthawi n'kutulutsa madzi. Chicherewecherewecho sichimva ululu. Chimene chimapweteka ndi fupa la pansi, kachikopa kotupako ndi mitsempha yozungulira. Munthu amamva kuwawa akamayenda, akamatsika chitunda kapena akamadzuka pansi, bondo limachita khwerekhwere ngati muli mchenga, ndipo m'mawa limauma kwa mphindi zosapitirira 30 kenaka n'kumasuka. Bungwe la NICE, lopereka malangizo a zachipatala ku Britain, m'malangizo ake a 2022, limati munthu wa zaka 45 kapena kuposerapo amene ali ndi zizindikiro zimenezi safunikira X-ray kuti matendawa adziwike. Bungwe la WHO linawerengera kuti mu 2019 anthu pafupifupi 528 miliyoni anali ndi matendawa, ndipo 365 miliyoni mwa iwo anali a bondo. Amayi ndi amene achuluka.

Diclofenac ndi wa gulu limodzi ndi bulufeni ndi indosidi. Amatsekereza thupi kupanga timadzi totchedwa prostaglandin, timene timayambitsa kutupa ndi kukolezera ululu. Vuto la mapiritsi ake ndi loti timadzi tomweto ndi timene timateteza khoma la m'mimba ndi kusunga magazi kuti aziyenda bwino mu impso. Mukameza piritsi, mankhwala amafika thupi lonse, ndiye bondo limapepukidwa koma mimba ndi impso zimalipira. Wopakayu amalowa pakhungu n'kukhazikika m'minofu ya pamalopo, ndipo wofika m'magazi ndi pafupifupi magawo 6 pa 100 alionse a amene akanafika mutameza piritsi. Ubwino wake waukulu wagona pamenepa.

Nanga amachotsa ululu wochuluka bwanji? Ofufuza a bungwe la Cochrane, lounika kafukufuku wa zachipatala, atasonkhanitsa zoyesa zambiri mu 2016 anapeza kuti mwa anthu 10 opaka diclofenac kwa masabata 6 mpaka 12, pafupifupi 6 ululu wawo unatsika kwambiri. Mwa anthu 10 opaka mafuta ofanana koma opanda mankhwala, 5 anapepukidwanso. Kusiyanaku n'kochepa, ndipo ndi bwino kukudziwa musanatulutse ndalama. Kutikita pakokha kumathandiza, ndipo nyamakaziyi imakwera ndi kutsika payokha. Komabe phindu lowonjezeralo ndi lenileni, likufanana ndi la mapiritsi pa bondo, ndipo likubwera popanda zilonda za m'mimba zimene mapiritsi amabweretsa. N'chifukwa chake NICE ndiponso bungwe la madokotala a nyamakazi la ku America, American College of Rheumatology, m'malangizo ake a 2019, onse amaika mankhwala opaka a gulu limeneli patsogolo pa mapiritsi pa nkhani ya bondo.

Chimene sachita n'kumeretsanso chicherewecherewe. Palibe wopaka, womeza kapena wobaya amene akuchita zimenezo panopa. Wogulitsa akakuuzani kuti mankhwala ake amabwezeretsa mafuta a m'bondo, bwezani ndalama m'thumba.

Tsopano mlingo, pamene anthu ambiri amaphonya. Yang'anani mphamvu yolembedwa pa chubu. Wofala ndi wa 1% kapena 1.16%, ndipo awiriwa ndi amodzi, angosiyana mchere umene diclofenac wamangiriridwako. Pepala la m'bokosi la Voltaren Emulgel limati magalamu 2 mpaka 4, katatu kapena kanayi patsiku. Ku America, kumene anayamba kumugulitsa popanda chikalata cha dokotala mu 2020, mlingo wa bondo limodzi ndi magalamu 4 kanayi patsiku, wa dzanja ndi magalamu 2 kanayi, ndipo thupi lonse lisapitirire magalamu 32 patsiku. Magalamu 4 ndi pafupifupi supuni ya tiyi yotsala pang'ono kudzaza. Njira ina yoyezera ndi chala: mukafinya mzere kuyambira kunsonga ya chala cholozera mpaka pamzere woyamba wopindikira, ndi pafupifupi theka la galamu. Ndiye kuti magalamu 2 ndi mizere 4 yotere. Anthu ambiri amatapa kadontho kamodzi, n'kupaka usiku wokha, masiku awiri, kenaka n'kunena kuti mankhwalawa ndi abodza. Sanawapatse mpata.

Pamenepa ndi pamene pali chilema chachikulu cha mankhwalawa, chomwe ndi mtengo. Pa magalamu 4 kanayi, bondo limodzi limadya magalamu 16 patsiku, moti chubu cha magalamu 50 chitha pa masiku atatu. Pa mlingo wotsika wa magalamu 2 katatu, chubu chomwecho chikhala masiku 8, cha magalamu 100 masiku 16, pamene kachubu ka magalamu 20 kamene anthu amakonda chifukwa chotchipa kakhala masiku atatu okha. Mawondo akakhala awiri, gawani masikuwo pakati. Choncho musayerekeze mitengo ya machubu, yerekezani mtengo wa galamu imodzi: gawani mtengo ndi magalamu olembedwa. Kawirikawiri chubu chachikulu chimapambana, ndipo wopanda dzina lotchuka amene ali wolembetsedwa bwino ali ndi mankhwala omwewo. Pali wina wa mphamvu ya 2.32% wopaka kawiri kokha patsiku. Pogula amaoneka wodula, koma pa magalamu 2 m'mawa ndi 2 madzulo chubu cha magalamu 50 chimafika masiku 12, ndipo kwa munthu wopita kumunda kapena kuntchito, kukumbukira kawiri n'kosavuta kusiyana ndi kanayi. Ngati alipo ndipo thumba likulola, ndingasankhe ameneyu.

Kwa amene ndalama zili zochepa, nzeru ndi kusapaka chaka chonse. Nyamakaziyi imabwera ndi nyengo zake: bondo limakwiya sabata ziwiri kapena zitatu, mwina pambuyo pa kupalira kapena ulendo wautali wapansi, kenaka n'kuzizira. Pakani mlingo wokwanira m'masabata oipawo, n'kusiya likazizira. Kuteroko kumaposa kupaka kadontho tsiku lililonse kwa miyezi.

Kapakidwe kake n'kosavuta koma kali ndi malamulo. Khungu likhale loyera ndi louma, lopanda Vaseline kapena mafuta ena odzola, chifukwa mafutawo amatchinga mankhwala. Pakani kutsogolo kwa bondo ndi m'mbali zonse ziwiri, makamaka mbali ya m'kati imene imayang'anana ndi bondo linzake, popeza ndi kumene nyamakaziyi imakonda kudya. Tikitani pang'onopang'ono mpaka ataloweratu, mphindi imodzi kapena ziwiri. Sambani m'manja mukatha, pokhapokha ngati manjawo ndi amene mukuchiza. Dikirani mphindi 10 musanavale thalauza kapena kumanga chitenje, apo ayi nsalu ndi imene imwe mankhwala, ndipo musasambe pamalopo ola lisanathe. Amene mumasamba m'mawa, sambani kaye, pakani pambuyo.

Osamanga pulasitiki pamwamba pake kapena kuthowa ndi madzi otentha mutangopaka. Kutentha ndi kutsekera kumalowetsa mankhwala ambiri m'magazi ndi kuwotcha khungu. M'mankhwalamu mulinso sipiriti wothandiza kuti aume msanga, kotero musayandikize bondo pa mbaula kapena pamoto lisanaume. M'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi, pamene mawondo amavuta kwambiri ndipo agogo amakhala chowotha moto, lamuloli ndi lofunika kulikumbutsa. Malo opakawo asawombedwenso ndi dzuwa kwa nthawi yaitali, chifukwa ena amatuluka zidzolo.

Pakhungu long'ambika sapakapo. Izi zikuphatikiza chilonda, chikanga, zipere zokandidwa, ndiponso mphini. Akuluakulu ambiri a mawondo opweteka amakhala atatemera kale, ndipo kupaka diclofenac pa mphini zaziwisi kumalowetsa mankhwala mwachindunji, kumawawa, ndiponso kumachedwetsa kupola. Dikirani zipole kaye.

Zotsatira musaziyembekezere tsiku loyamba. Ena amamva kusintha pa masiku awiri kapena atatu, koma mpatseni masiku 7 a mlingo wokwanira. Akapanda kusintha kalikonse, musawonjezere mlingo, pitani kuchipatala. Mapepala a m'bokosi amaika malire a masabata atatu kwa munthu wodzigulira yekha. Kupitirira apo n'kotheka, koma dokotala adziwe.

Bondo ndi zala ndi kumene amagwira bwino, chifukwa mfundo zake zili pafupi ndi khungu. Mfundo ya m'chiuno, pomwe mutu wa fupa la ntchafu umalowa, ili pansi pa minofu yokhuthala, ndipo wopaka safikako. Chimodzimodzi msana. Apa pali msampha wina: nyamakazi ya m'chiuno nthawi zina imamveka m'bondo. Ngati ululu uli m'mphechepeche kapena kutsogolo kwa ntchafu, ndipo mukuvutika kuvala sokosi kapena kudula zikhadabo za kumapazi, mwina vuto lili m'chiuno ndipo machubu onse opaka pabondo angotayika.

Pali anthu amene sayenera kumugwiritsa ntchito ngakhale ndi wopaka. Amene mphumu yawo imadzuka, kapena amatupa milomo ndi kutuluka zidzolo akamwa asipirini kapena bulufeni, amusiye. Mayi woyembekezera asapake m'miyezi itatu yomaliza, ndipo ngakhale mimba ili yaing'ono afunse kaye kusikelo. Amene ali ndi matenda a impso, amene anadwalapo chilonda cha m'mimba chotuluka magazi, ndi amene amamwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, ayambe afunsa dokotala. Osaphatikizanso ndi mapiritsi a gulu lomwelo. Izi zimachitika kwambiri: munthu wapaka diclofenac, wamwa bulufeni wa pagolosale masana, usiku wawonjeza indosidi, poganiza kuti ndi mankhwala atatu osiyana. Ndi banja limodzi, ndipo kuipa kwake kumaunjikana.

Kwathu kuno pali zifukwa zina zokondera wopaka kusiyana ndi womeza. Anthu ambiri amene ali pa ma ARV amamwa piritsi lokhala ndi tenofovir, amene amafuna impso zosamalidwa, ndipo kumeza diclofenac tsiku ndi tsiku pamwamba pake kumatha kuvulaza impsozo. Ambiri a zaka za nyamakazi alinso ndi BP, ndipo amamwa hydrochlorothiazide kapena enalapril. Awiriwa akakumana ndi piritsi la gulu la diclofenac, makamaka munthu atataya madzi chifukwa cha kutsegula m'mimba kapena dzuwa la Okutobala, impso zimatha kufooka mwadzidzidzi. Mapiritsiwo amakwezanso BP, ndipo mu 2013 a ku Ulaya analetsa diclofenac womeza kwa odwala mtima ndi amene anachitapo sitiroko. Wopaka sachotseratu ngozi zimenezi, koma amazichepetsa kwambiri. Zimandipweteka mtima kuona gogo akumeza mapiritsi oterewa miyezi ndi miyezi popanda womuyeza impso, pamene njira yofatsa ilipo.

Machubu ambiri a ku India amasakaniza diclofenac ndi menthol, methyl salicylate ndi mafuta a linseed. Amanunkhira mwamphamvu, amazizira kenaka n'kutentha, ndipo ogula amawakonda chifukwa amamveka kuti akugwira. Kutenthako si kuchiza, ndi khungu chabe likunyerenyetsedwa. Ngati muli diclofenac wa 1% kapena 1.16%, agwira ntchito yake, koma osakanizawa amawotcha khungu la okalamba mosavuta, ndipo methyl salicylate ndi wachibale wa asipirini, choncho wa warfarin awatalikire. Mafuta otenthetsa okha, opanda diclofenac, monga Deep Heat, ndi chinthu china. Amatonthoza kwa kanthawi koma sachotsa kutupa.

Pa shelufu yomweyo mupeza mabotolo a glucosamine ndi chondroitin, okongola ndi odula. Kafukufuku wamkulu wa GAIT, wa anthu 1,583 ku America, wofalitsidwa mu 2006, sanapeze kuti amaposa mapiritsi opanda mankhwala pa gulu lonse la odwala, ndipo NICE ndi madokotala a ku America onse amati asaperekedwe. Ndalama za botolo limodzi zigulireni chubu chachikulu ndi ndodo. Panado naye mphamvu yake pa nyamakaziyi ndi yochepa kuposa momwe tinkaganizira kale, ngakhale amathandiza apo ndi apo.

Musanagule chilichonse, tsimikizani kuti bondolo ndi la nyamakazi imeneyi. Bondo lotupa mwadzidzidzi, lotentha, lofiira, munthu akumva malungo ndipo sakutha kuliponda, ndi la kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa mwina muli mafinya, ndipo mafinya amawononga mfundo m'masiku ochepa. Nyamakazi ina yotchedwa gauti imabweranso chomwecho, nthawi zambiri usiku. Bondo limodzi lotupa pang'onopang'ono kwa miyezi, munthu akuwonda ndi kutuluka thukuta usiku, likhoza kukhala TB ya m'mafupa. Zala za manja onse awiri zotupa, zouma m'mawa kupitirira ola, ndi nyamakazi ya mtundu wina imene ili ndi mankhwala akeake ndipo kuchedwa kumapundula. Pa zonsezi wopaka angobisa ululu matenda akupita patsogolo.

Ntchito yeniyeni ya diclofenac wopaka ndi kutsitsa ululu kufika poti munthu athe kulimbitsa mwendo. Minofu ya kutsogolo kwa ntchafu ndi imene imanyamula bondo, ndipo bondo likamapweteka munthu amalisunga, minofuyo n'kufota, ululu n'kukula. Pakani, dikirani kanthawi, kenaka chitani izi. Khalani pa mpando wolimba wofika m'mawondo, pindani manja pachifuwa, imirirani ndi kukhalanso pang'onopang'ono ka 10, pumani, bwerezani kawiri kapena katatu. Mukagona chagada, pindani mwendo wabwino, wongolani wodwalawo, ukwezeni kufika msinkhu wa bondo linalo, gwirani masekondi 5, tsitsani mofatsa, ka 10. Masiku oyamba ululu umakwerako pang'ono ndipo si choopsa. Ukakhala wokwerabe mpaka mawa lake kapena bondo likatupa, chepetsani chiwerengero koma musasiye. Phindu limaoneka pakatha masabata 6 kapena kuposerapo. Kupalasa njinga pamalo athyathyathya, chishalo chili chokwera bwino, kumagwirizananso ndi bondo lotere.

Kulemera kwa thupi kuli ndi masamu ake. Kilogalamu imodzi ikachoka, katundu wofika pabondo pa sitepe iliyonse amatsika ndi makilogalamu pafupifupi 4. NICE imati kuchepa kulikonse kumathandiza, koma kutaya magawo 10 pa 100 a kulemera kwanu kumaposa kutaya magawo 5. Kwa munthu wa makilogalamu 90, ndiye kuti 9. Chidebe cha malita 20 pamutu chimawonjeza makilogalamu 20 pa mawondo omwewo, choncho kutunga kawiri ndi chidebe chaching'ono n'kwabwino kusiyana ndi kamodzi ndi chachikulu.

Ndodo anthu amaikana poopa kuoneka okalamba, komanso ambiri oigwira amaigwira mbali yolakwika. Igwireni ndi dzanja la mbali yabwino: bondo lodwala likakhala lamanja, ndodo kumanzere, ndipo ndodo ndi mwendo wodwala zizitsogola limodzi. Kutalika kwake, mutaimirira ndi nsapato manja ali lende, chogwirira chifike pamzere wa pamkono pomwe mumavala wotchi. Mphira wa kunsonga ukatha, sinthani, chifukwa pa simenti yonyowa ndodo yopanda mphira imagwetsa. Pokwera masitepe tsogozani mwendo wabwino, potsika tsogozani wodwala.

Kunjuta pa chimbudzi chokumba ndi ntchito yowawa kwambiri kwa bondo lotere, ndipo okalamba ambiri sanena. Kalipentala aliyense angathe kukhoma mpando wolimba wa bowo pakati, wofika m'mawondo a mwiniwake, woika pamwamba pa dzenje, ndi mtengo wogwirira kukhoma. Chimodzimodzi pophika ndi pochapa: kampando kokwera m'malo mokhala pa mphasa. Zimenezi zimachepetsa machubu ogula pamwezi.

Wopaka akalephera, pali masitepe ena. Dokotala angapereke mapiritsi kwa nthawi yochepa pamodzi ndi omeprazole woteteza mimba, atayeza BP ndi impso. Jakisoni wa steroid wa m'bondo amapumitsa ululu kwa masabata 2 mpaka 10, ndipo si wobwereza pafupipafupi. Zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe kumene kulinso chipatala cha mafupa cha LION, Zomba ndi Mzuzu zili ndi a fizo amene angakuphunzitseni mafizo oyenera bondo lanu, ndipo m'zipatala za m'maboma muli makiliniko ofesala a mafupa. Ululu ukafika pokulepheretsani kugona ndi kuyenda ngakhale mwayesa zonsezi, funsani za opaleshoni yoika bondo lachitsulo.

Pogula, pitani ku famase yovomerezeka ndi bungwe loyang'anira mankhwala la PMRA, osati pa benchi ya pamsika pomwe machubu amakhala padzuwa tsiku lonse. Onani tsiku lothera ntchito pa bokosi ndi kumchira kwa chubu, ndipo masiku awiriwo afanane. Kukamwa kwa chubu kukhale komata. Mankhwala akatuluka atalekana, madzi paokha ndi phala paokha, atenthedwa, abwezeni. Kunyumba sungani pamalo osapitirira madigiri 30, kutali ndi zenera ndi denga la malata, ndiponso pomwe ana safika. Muuzeni wa famase mankhwala onse amene mumamwa, a BP, a shuga, ma ARV, musanalipire.